Pompi, Msewu ndi Ngalande: Mbiri ya Makomiti ndi Ntchito Zodzipereka mu Lilanda

M'masamba ena a kabuku kano mwawerenga za abusa amene anatumikira pano, za kumangidwa kwa tchalitchi chathu, za makwaya ndi za bungwe la amayi. Komiti yokonza chikondwerero inandipempha kuti ine ndilembe za malo amene mpingo wakhalamo zaka 50 zonsezi. Nditakhala pansi ndi akuluakulu athu kuti andiuze zakale, ndinaona chinthu chimodzi. Ukawafunsa za chiyambi cha mpingo, sapita patali asanayambe kukamba za madzi. Amakumbukira kumene ankatunga, amene ankasunga kiyi wa pompi, chaka chimene msewu unadutsa pakhomo pawo, ndi mvula imene inalowa m'nyumba usiku. Anthu amene anasenza njerwa za tchalitchi chino ndi omwewo amene anakumba ngalande za m'misewu, ndipo ambiri a iwo anakhalapo m'makomiti a m'komboni popanda malipiro.

Ana athu anapeza pompi ikutuluka madzi ndi msewu uli pamalo pake, ndipo amayesa kuti zinthuzi zinakhalapo chikhalire. Ndalemba mbiri iyi kuti adziwe kuti chilichonse mwa izi chinayamba ndi msonkhano, ndipo chinasungika kapena kuonongeka malinga ndi mmene makomiti athu analili pa nthawiyo. Ndikamba za Lilanda pamodzi ndi George, chifukwa madzi athu, misewu yathu ndi matenda athu zakhala zimodzi kuyambira kale.

Mzinda usanatiwerenge

M'nthawi ya atsamunda, munthu wakuda ankaloledwa kukhala m'tauni chifukwa cha ntchito. Nyumba inali ya bwana kapena ya khonsolo, ndipo ntchito ikatha nyumba inali kuthanso. Matero anamangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 kuti musungidwe antchito oterowo. Amene sanapeze malo m'nyumba za khonsolo ankamanga pa malo a eni minda ndi eni makampani, kunja kwa malire a mzinda, n'kumalipira lendi kwa mwini malo. Ndicho chifukwa chake makomboni ambiri a mu Lusaka ali ndi mayina a anthu, monga John Howard, John Laing ndi Marrapodi. George nayenso anatenga dzina kwa George Hadjipetrou, amene anali ndi ntchito youmba njerwa m'dera limeneli. Pambuyo pake komboniyo inapatsidwa dzina lakuti Mwaziona, koma pakamwa pa anthu panakhalabe George.

Ufulu utabwera mu 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anachotsedwa. Makolo athu anabwera kuchokera ku Chipata, Petauke, Katete, Lundazi ndi zigawo zina zonse za dziko, ndipo ena anachokera ku Malawi. Mu 1963 Lusaka anali ndi anthu pafupifupi 123,000. Pofika mu 1969 anali 262,000. Khonsolo sinathe kumanga nyumba zokwanira khamu lotere, choncho anthu anadzimangira okha ndi njerwa zadothi, mitengo ndi malata akale. Analibe pompi, msewu woyenda galimoto kapena sukulu yapafupi, ndipo m'maso mwa lamulo anali okhala pamalo popanda chilolezo. Aliyense ankagona akudziwa kuti nyumba yake ingagwetsedwe tsiku lililonse.

Zinthu zinasintha m'masitepe atatu. Mu 1970 malire a mzinda anakulitsidwa kuchoka pa masikweya kilomita 93 kufika pa 360, ndipo makomboni athu analowa m'manja mwa khonsolo ya Lusaka. Mu 1972, mu pulani yachiwiri ya chitukuko cha dziko, boma linavomereza kuti nyumba zimene anthu anadzimangira ndi chuma, ndipo kuli bwino kuzikonza kusiyana ndi kuzigwetsa. Mu 1974 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Housing Act lokhudza madera otere, limene linalola khonsolo kupereka kwa mwini nyumba chiphaso chokhalira pamalo cha zaka 30. Mabanja ambiri pakati pathu akusungabe chiphasochi m'sutukesi pamodzi ndi makhadi a ubatizo.

Kuyenda misewu

M'chaka chomwecho cha 1974, World Bank inabwereketsa dziko lathu ndalama zokwana madola 20 miliyoni kuti zithandize kukonza makomboni a mu Lusaka. Khonsolo inatsegula ofesi yapadera, Housing Project Unit, yoyendetsa ntchitoyi, ndipo mabungwe a UNICEF ndi American Friends Service Committee anathandiza kuphunzitsa antchito oyenda pakati pa anthu. Madera aakulu amene anasankhidwa anali Chawama, George, ndi mbali ya Chaisa, Chipata ndi Garden. Ku Lilanda kunapimidwa mapuloti atsopano a site and service, kumene munthu ankapatsidwa malo opimidwa kale, msewu ndi madzi zili pafupi, iye n'kudzimangira nyumba. Kunalinso ngongole ya zipangizo, imene munthu ankatenga monga simenti, malata ndi mafelemu a zitseko, n'kumabweza mwezi ndi mwezi.

Vuto lalikulu linali misewu. Nyumba za mu George zinamangidwa mothinana, tinjira tikukhotakhota pakati pake. Kuti msewu ndi mapaipi zidutse, nyumba zina zinayenera kugwa. Akatswiri akanatha kujambula mizere mu ofesi n'kutumiza makina, koma anasankha njira ina. M'dera lililonse munakhazikitsidwa gulu lopanga mapulani a misewu, lokhala ndi khansala, atsogoleri a chipani ndi akuluakulu ena a m'komboni. Anthuwa ankayenda pansi pamodzi ndi akatswiri, kuona kumene msewu ungadutse, kukambirana ndi eni nyumba, ndi kukhotetsa msewu pamene kunali kotheka kuti nyumba zogwa zichepe. Mabanja amene nyumba zawo zinali m'njira anapatsidwa mapuloti m'malo oyandikana. Mukaona msewu wina wa mu George ukukhota popanda chifukwa chooneka, dziwani kuti mwina pamenepo panali mkangano umene anthu anauthetsa pokambirana.

Tiganizire kulemera kwa ntchito imeneyi. Munthu wa m'komiti ankayenera kugogoda pakhomo pa mnansi wake, mwina amene amapemphera naye pa benchi imodzi, n'kumuuza kuti nyumba imene anaimanga ndi manja ake ichoka. Mayi wina wachikulire wa mumpingo uno anandiuza kuti amuna awo atachita zimenezi, banja lina linakhala miyezi osawapatsa moni. Linabwerera pokhapokha litamaliza nyumba yatsopano ya mabuloko n'kuona kuti silinanamizidwe.

Madzi anakonzedwa motsata magulu a nyumba 25. Gulu lililonse linali ndi pompi yake imodzi, ndipo linkayenera kuisamala ndi kuonetsetsa kuti aliyense akulipira ndalama ya mwezi. Ntchito isanayambe, misonkhano inkachitika gulu ndi gulu. M'malo ena anthu anakumba okha maenje oikamo mapaipi kuti mtengo uchepe.

Tisabise kuti makomiti a nthawi imeneyo anali a chipani. Kuyambira kumapeto kwa 1972 dziko linali la chipani chimodzi cha UNIP, ndipo komboni inagawidwa m'masekisheni ndi mabulanchi. Tcheyamani wa sekisheni ankaweruza milandu ya malire ndi ya m'banja, kuitanitsa anthu ku ntchito ndi kulengeza maliro. Ambiri anatumikira mokhulupirika. Koma mphamvu yomweyo inkagwiritsidwanso ntchito poumiriza anthu kugula makhadi a chipani pa msika ndi pokwerera basi. Akuluakulu athu amakumbukira mbali zonse ziwiri, ndipo tiyenera kulemba zonse ziwiri.

Pamene mapompi anauma

Ntchito ya World Bank inatha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Inasiya misewu, mapompi, masukulu ndi malo ochitira misonkhano. Koma chuma cha dziko chinali chitayamba kale kugwa, chifukwa mtengo wa mkuwa unatsika kwambiri mu 1975. Khonsolo inasowa ndalama zokonzera mapaipi ndi zogulira mafuta a magalimoto otola zinyalala. Anthu ataona kuti zinyalala sizikutoledwa, ambiri analeka kulipira. Khonsolo itaona kuti anthu sakulipira, inalekeratu kubwera. Atsogoleri a sekisheni, amene anayenera kukumbutsa anthu za ngongole, sanafune kudana ndi anthu amene anawasankha. Lamulo la maboma aang'ono la 1980 linaphatikiza khonsolo ndi chipani, bwanamkubwa wa boma n'kukhala pamwamba pa zonse, choncho munthu wamba analibe kwina kodandaula.

Pompi ikathyoka, panalibe woikonza. Ina ikabedwa mutu, madzi ankangotayika mpaka paipi itatsekedwa. Anthu anabwerera ku zitsime zosaya zokumba pakhomo. Apa mpamene nthaka yathu inatipereka. Mbali yaikulu ya Lusaka ili pamwamba pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo m'madera ngati athu madzi apansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa madziwo amakwera, zimbudzi zokumba zimadzaza, ndipo zoipa zimayenda m'ming'alu ya mwala kufikira m'chitsime cha mnansi. Madzi a m'chitsime chotere amaoneka oyera m'ndowa, koma ali ndi matenda.

Mu Juni 1990 munabuka zipolowe mu Lusaka chifukwa cha kukwera mtengo kwa unga. M'nyengo yomweyo kolera inalowa mwamphamvu m'makomboni, ndipo mu 1991 anthu oposa 13,000 anadwala m'dziko lonse. George anali pakati pa madera amene anavutika kwambiri. Mu Okutobala 1991 chipani cha MMD chinapambana masankho, dziko n'kubwerera ku zipani zambiri. Anthu anakondwera ndi ufulu umenewu, koma masekisheni ndi mabulanchi akale anagwa, ndipo kwa kanthawi panalibe amene akanaimba belu kuti anthu asonkhane pa nkhani ya madzi kapena ya ngalande. M'masiku amenewo mipingo ndi magulu a maliro ndiwo anatsala monga malo okhawo amene anthu ankakumanabe mwadongosolo.

Amayi a fosholo ndi wilibala

Chilala cha 1991 mpaka 1992 chinabweretsa njala ndi chimanga chachikasu chochokera kunja. Mu 1992 bungwe la CARE linayambitsa ntchito yotchedwa PUSH m'makomboni a George, Chipata ndi Kanyama, mothandizana ndi World Food Programme. Anthu ankakonza misewu, kukumba ngalande, zimene ambiri timazitcha mifolo, ndi kuchotsa milu ya zinyalala, ndipo ankalandira chakudya monga unga, nyemba ndi mafuta ophikira. Ochuluka mwa ogwira ntchitoyi anali amayi, ambiri a iwo amasiye kapena olera okha ana. Ankalawira ndi fosholo, piki ndi wilibala, mwana ali kumbuyo, kugwira ntchito imene kale anthu ankati ndi ya amuna. Ena mwa amayi amenewa akhala pakati pathu Lamlungu lililonse, tsitsi litachita imvi, ndipo achinyamata amawadutsa osadziwa kuti msewu umene ayendamo pobwera ku tchalitchi unathiridwa miyala ndi manja awo.

Chakudya posinthana ndi ntchito chinapulumutsa mabanja, koma chinasiyanso chizolowezi china. Chakudyacho chitatha, kuitana anthu ku ntchito ya m'komboni kunayamba kuvuta, chifukwa funso loyamba linali lakuti kodi pali chiyani cholandira. Oyendetsa ntchitoyi anaona zimenezi, ndipo kuyambira mu 1994, m'gawo lachiwiri la PUSH, anaika mtima pa kumanga makomiti a anthu eni ake mogwirizana ndi khonsolo. Komboni inagawidwa m'mazoni. Zoni iliyonse inasankha komiti yake, amayi n'kupatsidwa malo mofanana ndi abambo, ndipo nthumwi za mazoni zinasankha komiti yaikulu ya chitukuko, Residents Development Committee, imene tonse tinkangoitcha RDC. Mu 1998 ntchitoyi inapitirira pansi pa dzina la PROSPECT.

Chachilendo pa RDC chinali chakuti sinali ya chipani chilichonse. Munthu ankasankhidwa chifukwa anansi ake amamudziwa, osati chifukwa cha khadi limene ali nalo. Si onse anakondwera nazo. Panali kukokana pakati pa makomiti amenewa ndi andale ena amene anawaona ngati opikisana nawo, makamaka pamene panali ndalama za madzi kapena za msika. Komabe m'makomiti amenewa anthu athu anaphunzira kulemba maminitsi, kusunga buku la ndalama, kupereka lipoti pamaso pa gulu ndi kuyankha mafunso owawa popanda kukwiya. Luso limeneli linalowanso mumpingo. Alembi ndi asungichuma athu ena abwino anaphunzira ntchito yawo kumeneko, ndipo ena anaiphunzira kuno n'kupita nayo ku zoni.

Madzi a m'mathanki ndi osunga mapompi

Chifukwa cha kolera, boma la Japan kudzera mu bungwe la JICA linapereka thandizo lomangira madzi atsopano m'dera lonse lotchedwa George Complex, lophatikiza George, Soweto, Desai, Kizito, Paradise, Chikolokoso ndi Lilanda Site 5. Ntchitoyi inachitika m'magawo kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1990 mpaka cha m'ma 2000. Dera linagawidwa m'zigawo zisanu ndi zitatu, chilichonse ndi chitsime chake chakuya chobowola ndi makina, thanki yokwezeka ndi mapompi a gulu okhala ndi malo ochapira. Kampani ya Lusaka Water and Sewerage ndiyo inatenga udindo woyang'anira makina.

Phunziro la zaka za m'ma 1980 silinaiwalike. Pompi iliyonse inapatsidwa woisunga wosankhidwa pakati pa anthu otunga pamenepo. Iye ankatsegula ndi kutseka pa maola oikika, kuona ngati banja lalipira mwezi umenewo, kusesa pamalopo ndi kukanena pompi ikaonongeka. Inali ntchito yosasiririka. Wosunga pompi ankadzuka kusanache, kuima pakati pa mzere wa zigubu, kuletsa ndewu, ndi kubweza mnansi amene sanalipire ngakhale akudziwa bwino kuti kunyumba kwake kulibe ndalama. Mabanja ena analephera kulipira n'kubwerera ku zitsime zosaya, ndipo vuto limeneli silinathe mpaka lero. Koma mapompiwo anakhalitsa kuposa oyamba aja, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti pompi iliyonse inali ndi munthu wodziwika ndi dzina amene ankayankha za iyo.

Kuyambira 1997 mpaka 2002, JICA pamodzi ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Lusaka inayendetsanso ntchito ya zaumoyo wa m'madera, ndipo George anasankhidwa kukhala poyambira. Anthu odzipereka anaphunzitsidwa kuyeza ana sikelo m'mazoni momwemo mwezi uliwonse, kuti mayi asayende mtunda wopita ku kiliniki. Ena anapanga komiti ya ukhondo, imene inamanga ngalande ndi zimbudzi zokhala ndi paipi yotulutsa mpweya, ndi kuyenda khomo ndi khomo kuphunzitsa kuthira klorini m'madzi akumwa. Panamangidwanso chimbudzi cholipira kuti ndalama zake zithandize ntchito ya odziperekawo. Ofufuza amene anaunika mliri wa kolera wa 2003 mpaka 2004 anapeza kuti matendawa anachuluka kumene kunalibe zimbudzi ndi ngalande, ndipo anachepa kumene madzi amvula anali ndi njira yotulukira. Amayi ndi abambo amene ankakumba ngalande anali kuteteza miyoyo, ngakhale panalibe amene anawatcha adokotala.

Kolera ibweranso

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Anthu anachuluka, mapuloti anadzaza ndi zipinda za lendi, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka. Madzi amene anapimidwira makolo athu tsopano akumwedwa ndi adzukulu ndi alendi awo. Ngalande zina zinatsekedwa ndi mapepala apulasitiki ndi mabotolo, ndipo pa zina anthu anamangapo mipanda ndi tumashopu. Odzipereka akale anakalamba, ena anamwalira, ndipo sitinafulumire kupeza olowa m'malo mwawo.

Mu Okutobala 2017 kolera inabukanso. Pofika Januwale 2018 masukulu sanatsegulidwe, misonkhano ya anthu ambiri inaletsedwa m'madera okhudzidwa, asilikali anatumizidwa kukayeretsa mzinda, ndipo zitsime zosaya zinakwiriridwa. Anthu pafupifupi 5,900 anadwala m'dziko lonse ndipo oposa 100 anamwalira. M'chaka chomwecho boma linatsitsimutsa kampeni yoyeretsa dziko imene inayamba mu 2007 m'nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa. Kwa miyezi ingapo tinkatuluka Loweruka ndi matsache, kenaka tinazirala.

Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unaposa yonse imene dziko lino linaonapo. Bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa chipatala. Masukulu, amene anayenera kutsegulidwa mu Januwale, anatsegulidwa pa 12 Febuluwale 2024. Anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira. Nthawi ya mapemphero inafupikitsidwa, kupatsana moni wa m'manja kunaleka, ndipo mabanja anaika okondedwa awo mofulumira, popanda kugona pa maliro monga mwa mwambo wathu. Ine monga mbusa sindidzaiwala kuimirira pa manda ndi abale owerengeka chabe, popanda kwaya. M'masabata amenewo achinyamata odzipereka ndiwo anayenda ndi klorini m'makomo, kunyamula odwala ndi kuima pa zipata ndi madzi osamba m'manja. Tikuwathokoza. Koma tivomerezenso kuti ambiri a ife timakumbukira ngalande pokhapokha maliro akayamba.

Komiti ya wodi ndi ndalama za CDF

Lero malo a RDC anatengedwa ndi komiti ya chitukuko ya wodi, Ward Development Committee. Lamulo la maboma aang'ono la 2019 linaika komitiyi m'lamulo. Wodi iliyonse imagawidwa m'mazoni, anthu a m'zoni amasankha nthumwi yawo, ndipo nthumwizo zimakhala pamodzi ndi khansala ndi oimira nthambi za boma monga zaumoyo ndi zamaphunziro. Mamembala ake salandira malipiro a mwezi. Ntchito yawo ndi kumva zofuna za anthu, kuziika m'ndondomeko ndi kuzipereka ku khonsolo.

Chimene chasintha ndi kukula kwa ndalama zodutsa m'manja mwawo. Thumba la chitukuko la dera la phungu, CDF, linayamba mu 1995 ndipo kwa zaka zambiri linali laling'ono. Mu 2022 linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Ndalamazi zimagawidwa ku ntchito za m'madera monga makalasi, madesiki, madzi ndi ngalande, ku mabasale a ana a sukulu zogonera komweko ndi a maphunziro a ntchito zamanja, ndiponso ku thandizo ndi ngongole za magulu a amayi ndi achinyamata. Mafomu ndi mapempho amayambira ku komiti ya wodi asanapite ku komiti ya CDF ya dera lonse la phungu. Makomiti a makolo athu sanakhalepo ndi mwayi wotere. Iwo ankadikira thandizo lochokera ku Washington kapena ku Tokyo, pamene ife ndalama zili m'bajeti ya dziko lathu chaka ndi chaka.

Tsiku lina ndinapita ku msonkhano wa zoni umene unalengezedwa bwino ndithu. Tinali ochepa moti mabenchi awiri anatikwanira, ndipo ambiri anali amayi achikulire omwe aja a nthawi ya fosholo. Lamlungu lotsatira tchalitchi chinadzaza, ndipo potuluka ndinamva anthu akudandaula kuti ndalama za CDF zimangopita kwa anthu omwewo. Mwina nthawi zina n'zoona. Koma mndandanda wa zofuna za zoni umalembedwa ndi amene abwera. Ngati sitipita, ena adzasankha m'malo mwathu, ndipo ngalande ya pakhomo pathu siidzalembedwa.

Zimene zaka 50 zatiphunzitsa

Tikayang'ana m'mbuyo, nkhani yabwerezedwa katatu. M'zaka za m'ma 1970 anthu anayenda misewu pamodzi ndi akatswiri, ndipo tinapeza mapuloti ndi mapompi. Makomiti atafooka ndipo ndalama za mwezi zitaleka kulipidwa, mapompi anauma, kolera inalowa. M'zaka za m'ma 1990 mazoni anasankha anthu awo, osunga mapompi anaima pamalo pawo, ndipo madzi anabwerera. Titatopa ndi kuiwala, kolera inabweranso mu 2017 ndi mu 2023. Tsopano tili m'gawo lachitatu, ndipo mathero ake sanalembedwe.

Choncho ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, banja lililonse lidziwe zoni yake ndi dzina la nthumwi yake. Msonkhano wa zoni ukaitanidwa, tidzaulengeza pano monga timalengezera maukwati ndi maliro, ndipo tipiteko. Chachiwiri, amene muli ndi luso la kulemba, la kuwerengera ndalama, la zomangamanga kapena la zaumoyo, makamaka inu achinyamata, lolani kusankhidwa. Mukasankhidwa, mukatumikire aliyense wa m'zoni, wa mpingo uno ndi wa mpingo wina, wa chipani ichi ndi wa chipani icho, mwini nyumba ndi wa lendi yemwe. Chachitatu, tisadikire Januwale. Ngalande zimatsegulidwa mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe, ndipo aliyense ayambe ndi imene ili pakhomo pake. Mutu umodzi susenza denga, koma denga silinyamukanso ngati aliyense akudikira mnzake kuti ayambe kugwira. Chachinayi, tilipire madzi ndi kutola zinyalala pa nthawi yake, ndipo tikalipira tifunse malisiti ndi malipoti popanda mantha.

Mutu wachitatu wa buku la Nehemiya ndi mndandanda wa mayina a anthu amene anakonza linga la mzinda wawo, banja ndi banja, ena pafupi ndi nyumba zawo zomwe. Ife mndandanda wotere tilibe. Mayina a amene anayenda misewu, amene anakankha mawilibala, amene anasunga mapompi ndi amene anayeza ana sikelo sanalembedwe paliponse, ndipo amene amawakumbukira akuchepa chaka ndi chaka. Ngati m'banja mwanu munali munthu wotere, wamoyo kapena amene anatisiya, bweretsani dzina lake kwa alembi a mpingo, pamodzi ndi ntchito imene anagwira ndi zaka zake ngati mukuzikumbukira. Tidzawalemba m'buku limodzi ndi kulisunga pamodzi ndi mabuku ena a mpingo, kuti amene adzakonze chikondwerero chotsatira adzapeze poyambira.